Madzi Osambitsira Abiti Chande

Abiti Chande anamwalira m'mawa wa Lachinayi, nkhuku zitangotsika mumtengo, ndipo m'nyumba monse munalibe madzi okwana ngakhale ndowa imodzi. Chakudza sichiimba ng'oma, inde, koma chikadaimbako pang'ono chabe, mwana wawo Mwasiti akadasunga chigubu chimodzi pansi pa bedi. Anawatseka maso amayi akewo, n'kuwamanga chibwano ndi kansalu, n'kuwafunditsa chitenje. Analira, koma mothamanga, chifukwa maliro a Chisilamu sagona. Womwalira m'mawa amalowa m'manda dzuwa lisanalowe, ndipo asanapite kumeneko amasambitsidwa thupi lonse ndi madzi oyera. Mayi amasambitsidwa ndi amayi anzake, ndipo Mwasiti ndiye anali mwana wamkazi yekhayo.

Anatuluka kuseri kwa nyumba n'kumenya thanki ndi chibakera. Inayankha kuti gu, mawu a chinthu chopanda kanthu m'mimba. Anatsegula mpope wake, munangotuluka kadontho kamodzi kotentha, basi.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mipope ya ku Kapata inali itauma sabata yathunthu. Wodziwa Chipata sangadabwe. Tauniyi yakula ngati mwana wodya bwino: nyumba zakwera mapiri, zina zatsata msewu wa ku Mwami, zina zamera m'madambo momwe kale munkalira achule. Koma damu ndi lomwe lija, ndipo mvula chaka chimenecho inangolavula malovu n'kupita. Madzi ankabwera mosinthana, lero kuno, mawa uko, mkucha kulibe aliyense, ndipo magetsi akathima zonse zinkaima. Anthu ankasiya mipope yotsegula tsiku lonse, khutu lili tcheru, ngati akudikira mlendo wosanena tsiku.

Banja la Abiti Chande silinkadikira choncho. Buruhani, mchimwene wake wa Mwasiti, anali ndi shopu ya nsalu m'tauni ndi lole yodutsa ndi katundu pamalire a dziko pa Mwami, ndipo anagula thanki yaikulu pamodzi ndi pampu yamagetsi. Pampuyo inali yadyera. Madzi akangofika mupaipi ya mumsewu, inkawakoka onse n'kuwakweza m'thanki, nyumba za kumunsi n'kumamva mphepo yokha ikulira m'mipope. Nyumba yoyamba kumunsiko inali ya Esnat, amake Loveness, mayi wa umodzi wa amayi ku tchalitchi, amene mwamuna wake Goodson anali mphunzitsi asanafe ziwalo mbali imodzi. Esnat anabwerapo kudzadandaula. Mwasiti, amene pakamwa pake sipachedwa, anamuyankha ali pakhomo kuti, "Mapampu sanathe m'shopu, kagulani yanu." Kuyambira tsiku limenelo moni anatha pakati pa nyumba ziwirizo.

Chodabwitsa chinali chakuti thankiyo, ndi ukulu wake wonse, inkatha msanga. Mwasiti anafufuza ngati yabooka, osapeza kanthu. Choncho mlandu unagwera mlamu wake Iqra, mkazi wa Buruhani, amene malinga ndi Mwasiti ankachapa zovala ngati kuseri kwa nyumba kuli mtsinje. Iqra ankakana mpaka misozi, koma wokwatiwa pakhomo pa eni sapambana mlandu.

M'mawa umenewo Buruhani anali pakhonde, foni ili kukhutu, akuuza abale a ku Lundazi ndi a ku Mchinji. Amuna a ku mzikiti anali atayamba kufika, wina atapita kale kukakumbitsa manda. Ataona mchemwali wake akuchokera kuthanki manja ali m'chiuno, anatsitsa foni.

"Mulibe?"

"Mulibe ngakhale a tiyi."

"Lole ili pamzere ku Mwami, situluka lero. A galimoto ya madzi akuti akubwera manje manje, koma uwadziwa manje manje wao." Anapukuta thukuta ndi kofia. "Ndalankhula ndi Shehe. Akuti madzi akasoweratu, chilamulo chimalola kugwira dothi loyera ndi manja n'kuwapukuta kumaso ndi mikono. Mulungu safuna zovuta, Mwasiti."

"Iai."

"Nanga tichite bwanji? Tiwasunge mpaka mvula?"

"Ndati iai, achimwene. Munalipo pamene ananena."

Buruhani anayang'ana pansi, chifukwa analipodi. Abiti Chande anabadwira ku Namwera, kumene mitsinje siphwa, ndipo zaka zonse za ku Chipata sizinawachotse chikondi cha madzi. Ankasamba ngakhale m'mwezi wa Juni anthu akunjenjemera. Chilala chitakula anaitana ana awo awiri n'kuwauza, akuseka koma maso osaseka, kuti, "Tsiku langa likadzafika mudzandisambitse ndi madzi. Musadzandipukute ndi dothi ngati mbatata."

"Tikaswali masana ku mzikiti, tiyamba," anatero Buruhani. "Ukapeza madzi isanafike nthawiyo, chabwino. Ukapanda kupeza, usandivutenso. Amayi sagona pano lero."

Mwasiti anatenga zigubu ziwiri n'kutuluka pageti, mpango uli pambali, patapata akulira.

Anayamba ku mzikiti. Kumeneko kuli chitsime chokumba ndi makina, koma pampu yake imadya magetsi, ndipo magetsi anathima dzulo lake. Otsala m'thanki ya pamzikitipo amuna anali atatawasira, kusamba kokonzekera swala, pemphero la m'mawa, pansi patangotsala matope ofiira. Anapita pa kiyosiki ya madzi pafupi ndi msika. Anapeza mzere wa zigubu wokhotakhota mpaka kuseri kwa ogulitsa makala, eni ake atakhala pamthunzi, nkhope zili gwa. Mayi wina atamva kuti ndi za maliro anaimirira n'kunena kuti, "Pitani kutsogolo, amama, palibe angakane." Mwasiti anapitadi kutsogolo, n'kupeza mpope wovala loko, woumiratu. Ulemu anamupatsa, koma ulemu susambitsa munthu.

Anafunsa m'mashopu. Madzi a m'mabotolo anali atatha dzana, ndipo ochepa amene mnzake wa Buruhani anatulutsa pansi pa tebulo anali ongonyowetsa kukhosi kwa olira. Anatsikira kudambo, kumene anthu anakumba zitsime pakati pa madimba ouma. Anasuzumira m'chimodzi. Madzi ake anali obiriwira, thovu la sopo likuyandama, ndipo chimbudzi cha nyumba yatsopano chinali chitaima pamtunda pomwepo ngati chikulondera. Fungo lokha linamubweza. Amayi ake, amene ankatsuka kapu kawiri asanamwere, awasambitse ndi zimenezo?

Anaima pamenepo zigubu zili m'manja, dzuwa likumuwotcha paliwombo. Mtima wake unali kuthamanga kuposa miyendo. Anakwiyira damu, anakwiyira magetsi, anakwiyira onse omanga nyumba m'mapiri, anakwiyira Iqra ndi zochapa zake. Anakwiyiranso amayi ake, chifukwa chosankha kufa sabata ya chilala, ndipo atazindikira kuti akukwiyira maliro anachita manyazi n'kulira pomwepo, mbuzi zikumuyang'ana.

Atafika kunyumba anapeza amayi atadzaza m'chipinda, ena pamphasa panja. Nsalu yoyera ya sanda inali itadulidwa kale. Onse anayang'ana zigubu, ndipo mmene zinkapepukira m'manja mwake palibe anafunsa. Iqra anamutsatira kukhitchini, maso ali ofiira.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kwa amake Loveness kuli diramu. Ndimaliona ndikayanika zovala."

"Ndikudziwa."

"Ndipite ine?"

Mwasiti anafuna kuvomera. Kunali kosavuta kutuma wina kukanyamula manyazi ake. Koma mawu aja a mapampu anatuluka pakamwa pake, osati pa Iqra, ndipo Esnat sanali munthu woiwala. Anakonza mpango n'kutulukanso.

Kuchoka pageti lawo kufika pageti la Esnat ndi pafupi kwambiri, koma ulendo wa kudambo unali waufupi kuposa umenewo. Anaodira. Woyamba kuyankha anali galu, chigalu chofiira chowonda, chimene Esnat anachipeza mkangano utangochitika n'kuchitcha dzina loti Tidzaona. Madzulo alionse ankachiitana mokweza, nkhope italoza kumpanda wa a Buruhani, ndipo Kapata yense ankadziwa kuti si galu amene akuuzidwa.

Esnat anatuluka atamanga chitenje cha ku tchalitchi, ngati munthu amene amakonzekera kutuluka koma akulimbana ndi mtima. Pakhonde panali bambo Goodson pampando wa ndalema, mkono umodzi uli lende, akuyang'ana ndi diso lofatsa.

"Ndamva kulira," anatero Esnat. "Ndi amama?"

"Ndi amayi. M'mawa uno."

Esnat anagwira pakamwa. Mwasiti anadabwa kuona misozi ikulengeza m'maso mwake.

"Pepani, amake Naeem," anatero, kumuitana Mwasiti ndi dzina la mwana wake.

"Zikomo. Ndabwera…" Anakweza zigubu. "Tilibe owasambitsira."

Esnat anayang'ana zigubuzo, n'kuyang'ana thanki yaikulu ija imene inkaonekera pamwamba pa mpanda. Sananene kanthu za pampu, ndipo kusanenako kunawawa kuposa kutukwana. Analoza pansi pa mtengo wa mango, pomwe panali diramu lodulidwa pakati, lopanda chivindikiro, madzi ali cha pakati. "Tungani. Maliro sakanizidwa madzi."

Mwasiti anayenda mofulumira, mtima ukutsika. Koma asanafike, Tidzaona anamudutsa, n'kuika miyendo yakutsogolo pamlomo wa diramu, n'kuyamba kukhatha madziwo ndi lilime, khathu khathu, mosaopa, ngati mmene ankachitira tsiku lililonse. Mwasiti anaima. Kwa Asilamu a kwawo, madzi ochepa amene galu wanyambita ndi odetsedwa. Sungatawasire, sungatsukire mbale, nanji kusambitsira mayi wako pa ulendo wake womaliza.

"Choka, Tidzaona!" anakalipa Esnat. "Tungani, amake Naeem, wangolawa pamwamba."

"Sindingathe."

"Chiyani?"

"Galu wamwamo. Kwathu madzi otere sitisambitsira maliro."

Esnat anaongoka pang'onopang'ono. Misozi ija inauma nthawi yomweyo. "Oho. Mwabwera kudzapempha kapena kudzayendera ukhondo? Madzi amenewo ndinakatunga ine ndi mutu uwu kutali ku komboni ya Mchini, m'bandakucha, pamene inu mukusamba a m'shawa. Lero ndi onyansa?"

"Sindinati ndi onyansa, ndati…"

"Chaka chathunthu mpope wanga ukulira mphepo chifukwa cha chipampu chanu! Ndili ndi munthu wodwala pano, wofunika kusambitsa m'mawa ndi madzulo. Ndinabwera kwanu mwaulemu, munandiyankha chiyani? Nenani, munandiyankha chiyani?"

Bambo Goodson anayesa kulankhula, mawu akutuluka opindika. Palibe anawamva. Ndipo pomwepo, chapatali, kuitana kwa swala ya masana kunamveka kuchokera ku mzikiti, mawu a munthu yekha opanda chokuzira, ofooka m'kutentha. Nthawi ya Buruhani inali itakwana.

 Mwasiti anaika zigubu pansi n'kukhala pa chimodzi, pabwalo la mdani wake, osasamala za ulemu. "Ndinakuyankhani zoipa," anatero. "Koma si ine ndikufuna kusamba. Anandiuza okha kuti ndisadzawapukute ndi dothi…"

"Ngati mbatata," anamaliza Esnat.

Mwasiti anakweza mutu. "Mwazimva kuti zimenezo?"

Esnat anaseka kuseka kwa misozi, n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Nkhalamba ija. Inalinso kukuuzani inu? Bwerani kuno."

Anamutsogolera kuseri kwa nyumba, kumene mpanda wa njerwa wa a Buruhani umalekanitsa mabwalo awiriwo. Pansi pa mpandawo panali kabowo kotulukira madzi a mvula, ndipo pakabowopo panatulukira mutu wa paipi ya pulasitiki yobiriwira. Mwasiti anaizindikira. Inali paipi yothirira maluwa imene inasowa kwawo miyezi yapitayo, ndipo mlandu wake unagweranso Iqra. Pambali pake, pamthunzi wa khoma, panali njerwa ziwiri zosanjikizana, zosalala chifukwa chokhaliridwa.

"Inu mukapita ku shopu, mlamu wanu akapita kumsika, ankagogoda apa ndi ndodo yao," anatero Esnat. "Ine ndikhale uku, iwo uko, paipi ikuthira, ife tikucheza. Nkhope sitimaonana, koma nkhani zonse za Kapata timamaliza. Ankati, 'Ana anga ali ndi pampu koma alibe makutu. Sambitsani aphunzitsi.' Ndinalumbira kuti sindidzanena."

Anatsegula chitseko cha kanyumba kosungira makala. M'katimo munali diramu la buluu, lotsekedwa ndi chivindikiro chake, pamwamba atasanjikapo mwala. Esnat anachotsa mwalawo n'kutsegula. Madzi anali odzaza pafupifupi kukamwa, oyera mpaka kuona pansi, ozizira ngati a mumtsuko.

"Awa anathira sabata yatha, tsiku lomaliza madzi kubwera. Anandivuta kwambiri tsiku limenelo. Akuti nditsuke diramu ndi sopo, ndivindikire, ndiike m'nyumba galu wanga asafikepo. Ndinati amama, kodi ndi madzi a ubatizo? Anangoseka. Ine ndimawasunga kuti akhale akumwa." Anagwira m'mutu. "Ndipo lero mwaima pakhomo panga ine osakumbukira, mkwiyo wanditseka m'maso. Tungani, amake Naeem. Si anga awa. Ndi ao."

 Mwasiti anaganiza za thanki yotha msanga, za Iqra akulira kukhitchini, za amayi ake atakhala chete pamkeka pamene iye akukalipa, mikanda ya mapemphero ili m'manja, osaulula kanthu. Chisoni ndi manyazi zinamugwira pamodzi, ndipo sanadziwe cholirira choyamba.

"Nanga aphunzitsi?" anafunsa potsiriza. "Mumwa chiyani?"

"Tiwiritsa a pansi pa mango. Iwo ndi Tidzaona ndi paubwenzi, sanyansidwana. Fulumirani, mwamva kuitana kuja."

Zigubu ziwiri zinali zochepa. Esnat anatsuka ndowa zake zatsopano ndi madzi a m'diramu momwemo, n'kudzaza, n'kusenza imodzi. Analowa pageti la a Buruhani motsogozana, Mwasiti patsogolo, Esnat pambuyo ndi chitenje chake cha mtanda, madzi akutayikira pang'ono m'mapewa. Amuna anali akubwera kuchokera ku mzikiti, ndipo Buruhani anali atanyamula kale mbale ya dothi loyera. Anayang'ana ndowa, anayang'ana wosenza, n'kutsegula pakamwa.

"Osafunsa, achimwene," anatero Mwasiti. "Katayeni dothilo."

Amayi ena anathamanga kukatenga otsala. Esnat anatula ndowa pakhomo la chipinda n'kubwerera kukakhala pamphasa panja, pakati pa amayi a mipango, ndipo iwo anamusunthira malo.

M'chipindamo munatsala Mwasiti, Iqra ndi mayi wina wamkulu wa ku mzikiti wodziwa mwambo. Anaphimba thupi ndi nsalu, n'kuyamba mbali ya kumanja monga kuyenera, kenako kumanzere, mobwereza, madzi omaliza atathiramo kafungo kabwino. Iqra ndiye ankathira, Mwasiti akusambitsa. Madzi anayenda pamapewa owonda aja, m'mikono, m'zala zimene zinkakankha paipi pakabowo. Mwasiti anatsuka tsitsi la imvi n'kuliluka bwino. Sanaumire ngakhale kapu imodzi. 

"Alamu," anatero osakweza maso, "si inu munkamaliza madzi."

Iqra anathira kapu ina. "Ndinkadziwa. Ndinawapeza tsiku lina pampanda. Anati ndikaulula adzandibweza kwathu."

Mayi wamkulu uja anatsokomola kubisa kuseka, ndipo atatuwo anapitiriza ntchito, misozi ikugwera m'madzi momwemo.

Dzuwa litapendeka, amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, n'kutuluka nalo pageti, akusinthana mapewa, fumbi la Kapata likukwera m'mapazi mwawo. Amayi sapita kumanda, choncho anatsala pabwalo, ena akuwerenga mapemphero, ena akungopumira m'mwamba chifukwa cha kutentha. Esnat anatsanzika kuti akaone wodwala wake. Mwasiti anamuperekeza mpaka pageti, ndipo awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali.

Zinthu za m'tauni muno zilibe manyazi. Tsiku lonse munthu wazungulira ngati nkhuku yofuna poikira dzira, ndipo maliro atangopita, babu la pakhonde linayaka. Posakhalitsa paipi ya mumsewu inayamba kutsokomola. Ana a m'makomo anakuwa kuti madzi abwera, zigubu zinagundana, mageti anatseguka uku ndi uku. Kuseri kwa nyumba pampu ya Buruhani inadzuka yokha n'kuyamba kung'ung'udza, ikukoka ndi mphamvu zake zonse, madzi akugwera m'thanki yopanda kanthu ija.

Mwasiti anaimva ali pakati pa olira. Anadzuka, n'kudutsa pakhitchini, n'kukaima pafupi nayo. M'nyumba munali anthu ambiri ofuna kumwa, mbale za maliro zinali zisanatsukidwe, ndipo palibe ankadziwa kuti madziwo akhala nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana pansi pa mpanda. Mbali ya kwawo kunalinso njerwa ziwiri zosanjikizana, ndipo ndodo ya amayi ake inali itatsamira khoma pomwe anaisiya.

Anawerama n'kuzula waya wa pampu pakhoma. Kung'ung'udza kuja kunatha. Kunakhala chete pang'ono, kenako kuseri kwa mpanda mpope wa Esnat unatsokomola kawiri, n'kulavula mphepo, ndipo Mwasiti anamva madzi akugunda pansi pa ndowa yopanda kanthu. Anakhala pa njerwa zija, waya uli m'manja, akumvetsera ndowayo ikudzaza.